Nyanja nayo imapita kusikelo

Mwezi ukatha bwino, m'manyumba ambiri a ku Balaka, Mponela, Luchenza kapena Kasungu mumalowa chitini cha nsomba za pilchard, apo ayi karapau wotapidwa m'firiji ya pagolosale. Ana amanyambita zala, mbale n'kutsukidwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndi ochepa amene amafunsa kumene nsombazi zachokera. Izi si nsomba za ku Mangochi kapena Nkhotakota. Kwawo ndi kunyanja zamchere, ndipo imodzi mwa nyanja zimene zadyetsa maiko a kummwera kwa Africa kwa nthawi yaitali ndi mbali ya Atlantic yomwe ili kumadzulo kwa Namibia ndi South Africa.

Funso limene lazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zambiri ndi loti: nyanja yaikulu chotere, munthu angadziwe bwanji kuti ili bwino kapena ikudwala? Mbuzi amaziwerenga madzulo zikamalowa m'khola. Chimanga amachiyeza m'matumba. Koma nsomba sizioneka, komanso sizikhala malo amodzi.

Yankho limene akatswiriwa adapeza si lachilendo kwa mayi amene adapitapo ndi mwana kusikelo. Kumeneko azaumoyo sakhutira ndi kulemera kokha. Amayeza msinkhu, amakulunga kalamba pamkono, amadinanso phazi kuti aone ngati latupa. Amadziwa kuti mwana wotupikana atha kulemera bwinobwino pasikelo pomwe matenda osowa zakudya m'thupi akumudya.

Nyanja nayo ndi chimodzimodzi. Kwa nthawi yaitali maboma ankangoyang'ana muyezo umodzi, womwe ndi kuchuluka kwa matani a nsomba zimene zafika padoko. Lero adaphunzira, ena mowawa, kuti muyezo umenewu paokha umanamiza.

Dimba lachonde la m'nyanja

Madzi a kugombe la Angola, Namibia ndi South Africa amadziwika ndi dzina loti Benguela. Mphepo yamphamvu yochokera kummwera imakankha madzi a pamwamba kuwachotsa kugombe, ndipo madzi ozizira a pansi amakwera m'malo mwake atanyamula chonde, ngati mlimi wotembenuza manyowa.

Chondechi chimameretsa tizomera tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tizomerati, pamodzi ndi tizilombo timene timadya, ndi chakudya cha nsomba zing'onozing'ono zoyenda m'magulu, makamaka sardine, yomwe ikalowa m'chitini imatchedwa pilchard, ndi inzake anchovy. Nsomba ziwirizi ndiye nsanamira ya nyanjayi. Nsomba zikuluzikulu, mbalame za m'nyanja, anamgumi ena komanso anthu, onse amadalira zomwezo.

M'chaka cha 1968, pomwe Namibia idali pansi pa ulamuliro wa South Africa, asodzi adakolola matani pafupifupi 1.4 miliyoni a sardine m'madzi a dzikolo. Mafakitale a ku Walvis Bay ankagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo nsomba zambiri zinkagayidwa kukhala ufa wodyetsera ziweto ndi mafuta. Aliyense woona chiwerengerocho akadati nyanjayo ili ndi thanzi losaneneka.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Patangopita zaka zochepa zokolola zidagwa, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 zidangotsala kachigawo kochepa ka zomwe zinkapezeka mu 1968. Dzikolo litalandira ufulu mu 1990 lidakhwimitsa malamulo a usodzi, koma sardine sidabwerere mwakale. Mu 2018 boma lidaletseratu kupha nsombayi kwa zaka zitatu, ndipo zitatha lidaonjezeranso nthawi ya chiletsocho.

Mafakitale oika nsomba m'zitini ku Namibia ndi ku South Africa adayamba kuitanitsa sardine youmitsidwa ndi ayezi kuchokera kumaiko akutali monga Morocco. Karapau ndiye adatsala nsomba imene Namibia imakolola yochuluka kuposa zina zonse, ndipo wambiri amagulitsidwa ku Mozambique, Zambia ndi Democratic Republic of Congo.

Dengu lodzadza, nkhokwe yopanda kanthu

Kodi zimatheka bwanji kuti maukonde azidzadza nsomba zikutha? Mayi akamatapa chimanga m'nkhokwe, dengu la mwezi wa June ndi la mwezi wa December amadzadza mofanana. Dengu silinena kuti chatsala chochuluka bwanji. Tsiku lina amangomva dzanja lagunda pansi.

Nsomba zoyenda m'magulu zikamachepa, zotsalazo zimaunjikana malo amodzi. Sitima za makono zili ndi makina oona pansi pa madzi, kotero zimalunjika pomwe pali gululo ndi kulizinga lonse. Msodzi amabwerako atadzadza monga kale, mwinanso kuposa, mpaka gulu lomaliza litatha.

Anthu amene adaona izi moopsa ndi a ku Newfoundland, chilumba cha kummawa kwa Canada. Kwa zaka pafupifupi 500 anthu ankapha kumeneko nsomba yaikulu yotchedwa cod. Mu 1968, chaka chomwe chija Namibia idakolola sardine yochuluka, sitima za maiko osiyanasiyana zidapha matani oposa 800,000 a cod kumeneko.

M'zaka za m'ma 1980, asodzi a mabwato ang'onoang'ono a kufupi ndi gombe adayamba kudandaula kuti nsomba zikuchepa ndiponso zimene akupha ndi zazing'ono kuposa kale. Madandaulo awo sadapite patali chifukwa sitima zikuluzikulu za pakati pa nyanja zinkabwerabe zitadzadza, ndipo akuluakulu ankakhulupirira mabuku a sitimazo.

Pa 2 July 1992, nduna yoona za usodzi ku Canada, John Crosbie, idalengeza kuti usodzi wa cod watsekedwa. Anthu pafupifupi 30,000 ntchito idawathera, ndipo mabanja ambiri adasamuka m'midzi ya makolo awo. Chiletsocho chimayembekezeka kukhala cha zaka ziwiri, koma chidatha zaka 32. Usodzi wa malonda udatsegulidwanso mu 2024, ndipo boma lidangoloza matani 18,000.

Zimene asodzi a mabwato aja ankaona ndi maso, kuti nsomba zikunka zichepa msinkhu, lero ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene asayansi amayamba kuyang'ana.

Msinkhu sunama

Ukonde umayamba kutenga nsomba zazikulu chifukwa ndi zimene zili ndi mtengo wabwino komanso sizingapulumuke m'maso mwa ukondewo. Usodzi ukanyanya, nsomba sizipatsidwa mpata wokula, kotero m'nyanja mumangotsala ana ndi achinyamata.

Vuto lake ndi lalikulu kuposa kuchepa kwa mnofu m'mbale. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya Science adasonyeza kuti nsomba yaikazi yaikulu imaikira mazira ochuluka kwambiri poyerekeza ndi thupi lake. Cod imodzi ya makilogalamu 30 imaikira mazira oposa a cod 28 za makilogalamu awiri iliyonse, ngakhale zonsezo pamodzi zimalemera makilogalamu 56. Kupha manthu mmodzi wotere kuli ngati kudya mbewu ya munda wonse.

Pofuna kudziwa zoona zake, asayansi sadalira nsomba za pamsika zokha chifukwa msodzi amasankha malo ndi mtundu wa nsomba. Amatumiza sitima za kafukufuku zimene zimaponya ukonde wofanana, malo omwewo, nyengo yomweyo chaka ndi chaka. Nsomba iliyonse imayezedwa utali ndi kulemera. Zaka zake amaziwerenga pa timiyala ta m'mutu mwake, tomwe tili ndi mizere yonga ya pachitsa cha mtengo. M'madzi a ku Africa, ntchito yotere yakhala ikugwiridwa kuyambira 1975 ndi sitima zotchedwa Dr Fridtjof Nansen, za dziko la Norway mogwirizana ndi FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi.

Ku North Sea, nyanja ya pakati pa Britain ndi maiko monga Norway, Denmark ndi Netherlands, akatswiri adakonza muyezo wosavuta kumva. Ankafunsa kuti pa makilogalamu 100 alionse a nsomba zogwidwa pakafukufuku, ndi angati amene ali a nsomba zotalika kuposa masentimita 40. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 yankho lidali pafupifupi 30. Pofika 2001 lidatsika kufika pa 5. Usodzi utachepetsedwa, muyezowu udakwera kudutsa 20 mu 2008.

Akatswiri omwewo adapezanso kuti muyezowu umatenga zaka zoposa khumi kuti uonetse kusintha, chifukwa nsomba yaikulu sikula chaka chimodzi. Boma limene lachepetsa usodzi lero liyenera kupirira, osayembekeza zotsatira pachisankho chikubwerachi.

Kudya motsika makwerero

Chizindikiro chachiwiri chimayang'ana mitundu ya nsomba zimene zikupezeka. M'tchire muli udzu, agwape odya udzuwo, ndi akambuku odya agwape. M'nyanja namonso muli makwerero otere. Tizomera tili pa sitepe yoyamba, tizilombo todya tizomerato tili pa yachiwiri, nsomba zing'onozing'ono zili cha pa yachitatu, pomwe zolusa monga tuna, shaki ndi cod zili pa yachinayi kapena kuposerapo.

Mu 1998 katswiri wina wa pa yunivesite ya British Columbia ku Canada, Daniel Pauly, ndi anzake adasanthula mabuku a zokolola a FAO kuyambira 1950. Adapeza kuti m'madera ambiri anthu akunka natsika makwererowa. Akatha nsomba zolusa za pamwamba amatsikira ku zapakati, kenaka ku zing'onozing'ono. Ku Newfoundland kuja, cod itatha asodzi adatembenukira ku nkhanu ndi tinyama ta m'madzi totchedwa shrimp, zomwe zina mwa izo kale zidali chakudya cha cod.

Matani atha kukhalabe ochuluka, nthawi zina n'kukwera kumene, koma zimene zili m'dengumo zasintha. Mu 2004 maiko amene adasayina pangano la United Nations loteteza zachilengedwe adavomereza muyezo umenewu kukhala umodzi mwa miyezo yoonera thanzi la nyanja.

Ku Namibia kutsikaku kudafika pena. Malo amene sardine idasiya adatengedwa ndi kansomba kopanda mafuta kotchedwa goby komanso jellyfish, zamoyo zoterera zooneka ngati ambulera, zomwe thupi lake ndi madzi okhaokha ndipo zimayabwa zikakhudza khungu. Kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2006 adayerekeza kuti m'madzi a Namibia mudali matani 12.2 miliyoni a jellyfish pomwe nsomba zidali matani 3.6 miliyoni okha.

Jellyfish zimatseka ndi kung'amba maukonde, zimaononga nsomba zogwidwa, zimadya chakudya chomwecho chimene sardine imadya, komanso zimadya mazira ndi tiana ta nsomba. Zili ngati kaufiti m'munda wa chimanga: akakhazikika, mbewu imavutika kubwerera ngakhale mlimi atalapa.

Mboni za nthenga

Chizindikiro china sichifuna sitima ya kafukufuku, chimaoneka pamtunda. Pazilumba za ku South Africa ndi Namibia pamakhala mbalame yotchedwa African penguin. Siuluka, imayenda chilili ngati munthu wovala jekete lakuda ndi malaya oyera, koma m'madzi imasambira mwaliwiro. Amalawi amene ali ku Cape Town atha kuiona pagombe la Boulders, ku Simon's Town.

Chakudya chake chenicheni ndi sardine ndi anchovy. Ikakhala ndi anapiye singapite kutali chifukwa iyenera kubwerera kudzawadyetsa. Kamodzi pachaka imathothoka nthenga ndipo imakhala kumtunda pafupifupi milungu itatu osadya kanthu, kotero iyenera kuyamba yanenepa. Nsomba zikasowa pafupi, zotsatira zake zimaoneka msanga: anapiye oonda, zisa zosiyidwa, ndi mbalame zazikulu zofa ndi njala.

Ubwino wa mbalame ndi woti zimawerengeka. Zisa zili poyera ndipo anapiye atha kuikidwa pasikelo. M'zaka za m'ma 1950 kudali mabanja a penguin pafupifupi 140,000. Pofika 2023 adali osakwana 10,000. Mu October 2024 bungwe la IUCN, lomwe limasunga ndandanda wa zamoyo zimene zili pachiopsezo, lidaika mbalameyi m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Mu 2011 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Philippe Cury wa ku France lidaunika mitundu 14 ya mbalame m'madera 7 a nyanja za padziko lapansi, kuphatikizapo Benguela. Paliponse lidapeza zofanana: nsomba zing'onozing'ono zikatsika kupyola gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchuluka kwake kwa nthawi yabwino, mbalame zimayamba kulephera kulera ana. Uphungu wawo udali woti gawo limodzi mwa atatu lizisiyidwira mbalame. Gawo lomwelo ndi limene limadyetsa nsomba zikuluzikulu ndi kuikira mazira a chaka chamawa.

Mutu umodzi susenza denga

Ngakhale zili choncho, palibe chizindikiro chimene chili changwiro. Penguin sidachepe kaamba ka njala yokha. Kale anthu ankatola mazira ake kukagulitsa, ankapalanso ndowe za mbalame pazilumbazo kukachita feteleza, zomwe zidachotsa malo amene mbalamezi zinkakumbamo zisa. Mu 2000 sitima yotchedwa Treasure idamira pafupi ndi Cape Town ndipo mafuta ake adadetsa mbalame pafupifupi 19,000.

Nyanja nayo imasintha payokha. Kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, sardine yambiri ya ku South Africa idasunthira kugombe la kummwera, kutali ndi zilumba za kumadzulo kumene mbalame zimaswana komanso kutali ndi mafakitale. Kusintha kwa katenthedwe ka madzi ndi mphepo kuli ndi mbali yake, usodzi nawo uli ndi yake, ndipo kulekanitsa ziwirizi ndi ntchito yovuta.

Muyezo wa makwerero uja nawo udatsutsidwa. Mu 2010 Trevor Branch wa pa yunivesite ya Washington ku America ndi anzake adalemba m'magazini ya Nature kuti ukawerengedwa kuchokera pa nsomba za padoko zokha, nthawi zambiri sugwirizana ndi zimene zili m'madzi. Msodzi amatsata mtengo wa pamsika. Atha kuyamba kupha nsomba zing'onozing'ono chifukwa zapeza wogula, zazikulu zilipobe.

N'chifukwa chake mu 2005 asayansi a maiko ambiri adayamba ntchito yotchedwa IndiSeas, motsogozedwa ndi amayi awiri, Yunne-Jai Shin wa ku France ndi Lynne Shannon wa pa yunivesite ya Cape Town. Cholinga chidali kupanga khadi limodzi la kusikelo loti ligwire ntchito panyanja iliyonse, ya dziko lolemera ngakhale losauka.

Pakhadipo adaikapo mafunso 8. Kodi nsomba zikutalika bwanji? Mitundu imene ilipo ndi yokhala zaka zingati? Zolusa ndi zochuluka bwanji pakati pa zinzake? Zimene zikufika padoko zili pa sitepe iti ya makwerero? Ndi mitundu ingati imene sikuphedwa mopyola muyezo? Nsomba zonse pamodzi zikulemera bwanji? Kulemerako kukukhazikika kapena kukungokwera ndi kutsika? Nanga zimene zikuchotsedwa chaka chilichonse ndi gawo lanji la zimene zilimo?

Mu 2010 gululi lidatulutsa zotsatira za madera 19, kuphatikizapo kummwera kwa Benguela, Senegal, Guinea, Mauritania, Peru ndi North Sea. Phindu la njirayi ndi loti chizindikiro chimodzi chikanama, zinzake zimachitsutsa. Koma utali wa nsomba ukamatsika, zolusa zikamachepa, mitundu yokhalitsa ikamasowa, zonse nthawi imodzi, palibenso chifukwa chodikira umboni wina.

Padziko lonse chithunzi chake si chosangalatsa. Malinga ndi FAO, mu 1974 magulu 10 pa 100 alionse a nsomba za m'nyanja zamchere ndi amene ankaphedwa mopyola muyezo. Lipoti la bungweli la 2025, lomwe lidaunika magulu 2,570, lidapeza kuti afika pa 35.5 pa 100 alionse. Lipoti lomwelo lidasonyezanso kuti kumene kuli kafukufuku wokhazikika ndi malamulo otsatidwa, nsomba zambiri zili bwino.

Kuyeza si kuchiza

Khadi la kusikelo silichiza mwana ngati kunyumba phala silisintha. Apa ndi pomwe nkhani imavuta, chifukwa kuchepetsa usodzi kumakhudza matumba a anthu.

Ku South Africa boma lidayamba mu 2008 kuyesa kutseka usodzi wa sardine ndi anchovy pamtunda wa makilomita 20 kuzungulira zilumba zina, mosinthanasinthana, kuti lione ngati anapiye a penguin angapindule. Mkangano wa zotsatira zake udatenga zaka zoposa khumi. Oteteza mbalame ankati phindu likuoneka. Makampani a usodzi ankati phindulo ndi lochepa poyerekeza ndi ndalama komanso ntchito zimene zingatayike m'matauni a kugombe, kumene mabanja ambiri amadalira mafakitale a nsomba.

Mu 2024 mabungwe awiri, BirdLife South Africa ndi SANCCOB, adatengera boma kukhoti, ponena kuti zinthu zikapitirira chonchi mbalameyi itha kutha m'chilengedwe pofika 2035. Mu March 2025 mbali zonse zidagwirizana, ndipo khoti lalikulu ku Pretoria lidasindikiza mgwirizanowo kukhala lamulo. Usodzi wa sardine ndi anchovy udatsekedwa kwa zaka 10 kuzungulira malo 6 oswanirako mbalamezi: zilumba za Dassen, Robben, Dyer, St Croix ndi Bird, komanso Stony Point. Robben ndi chilumba chija Nelson Mandela adakhalapo m'ndende zaka 18.

Kusiyana kwa nkhaniyi ndi ya ku Canada ndi koti kuno chigamulo chidadza kaamba ka kuwerenga zisa ndi kuyeza anapiye, maukonde asadaume.

Malombe adaonetsa zomwezo

Malawi alibe nyanja yamchere, koma nkhaniyi si yachilendo kwa anthu a ku Mangochi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nyanja ya Malombe inkatulutsa chambo chokwana matani masauzande angapo pachaka. Makoka ndi maukonde a maso ang'onoang'ono atachuluka, chambo chidayamba kusowa ndipo asodzi adatembenukira ku kambuzi. Kwa zaka zingapo matani a nsomba zonse pamodzi adaoneka abwino, chonsecho chambo chidali chikutha. Pambuyo pake nsomba za kambuzi nazo zidachepa, ndipo mu 1993 boma lidayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko pofuna kupulumutsa nyanjayo.

Panyanja ya Malawi, usipa ndi umene wakhala ukutenga gawo loposa theka la nsomba zonse zophedwa m'zaka zaposachedwapa. Mu 2018 IUCN idaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutha, gulu lomwe penguin idalowamo zaka 6 pambuyo pake. Woona matani okha atha kunena kuti nyanja ikubereka kuposa kale. Woona zimene zili pathandala adziwa kuti anthu atsika makwerero.

Nzeru yopumitsa madzi nayo si ya azungu okha. Pachilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira ku Salima, usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja chaka chilichonse, ndipo mwambowu udayamba m'zaka za m'ma 1950.

Daniel Pauly uja adachenjezanso za vuto lina mu 1995. Mbadwo uliwonse umatenga nyanja imene udaipeza uli mwana ngati mmene nyanja iyenera kukhalira. Mwana wobadwa lero akaona kasawala pamulu amayesa ndiye chambo, pomwe agogo ake amakumbukira chambo chimodzi chokwanira banja lonse. Pakapanda wolemba kapena wofotokoza, kuchepako sikuoneka, ndipo palibe amene amadandaula.

Izi zikutanthauza kuti zizindikiro zina sizilira digiri. Mayi wogula ndiwo pamsika wa Liwonde kapena Salima amadziwa ngati nsomba za pamulu zikunka zichepa msinkhu, ngati mitundu imene ankagula ali mtsikana idasowa, ndiponso ngati zimene akugulitsidwa ndi tiana togwidwa ndi neti ya udzudzu. Msodzi wachikulire amadziwa kuti kale ankapalasa mtunda wotani asadaponye ukonde, ndi maola angati amene amatha lero. Asodzi a mabwato a ku Newfoundland adali ndi umboni wa mtundu womwewu zaka zingapo chaka cha 1992 chisadafike, koma udasowa woumvera.

Kuzilumba za ku South Africa, ogwira ntchito apitiriza kuwerenga zisa ndi kuika anapiye pasikelo nyengo iliyonse yoswana mpaka zaka 10 za chiletso zitakwana mu 2035, chaka chomwe chija mabungwe adati mbalameyi itha kukhala itatha. Manambala amene alembedwe pakhadilo adzanena ngati sardine yatsala yokwanira mbalame, nsomba zikuluzikulu, asodzi a kugombe, ndi banja la ku Mponela limene limadikira chitini chake pakutha pa mwezi.